Ozoni m'chipinda chosungira mphesa

Anzanga amene mukugwira ntchito yopakira mphesa ku De Doorns ndi madera ena a Western Cape ku South Africa, tamvani izi. Chuku chotuwa cha Botrytis chimakula ngakhale m'chipinda chozizira pa madigiri 0 Celsius. Mpweya wa ozoni (mpweya wopha tizilombo umene makina amapopera m'chipindamo) wochepa chabe, pafupifupi 0.3 ppm (magawo 0.3 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya) usana ndi usiku, umaletsa chukucho kufalikira kuchoka pa mphesa yowola kupita ku zinzake. Koma chikakhala kuti chalowa kale mkati mwa chipatso, ozoni sachipha, choncho thotholani zowola ndi zosweka musanapakire. Makatoni ndi mapulasitiki akhale ndi mabowo, apo ayi mpweyawo sufika pa mphesa.

Chonde, ozoni amapweteka mapapo. Zimitsani makina a ozoni, chipinda chipite mphepo kaye musanalowemo.