Momwe ndinachotsera kulira kwa magetsi mu nyimbo za ulimba

Chimbale chathu tinajambulira ku Bangula, m'nyumba ya malata, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Pomvetsera mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu ojambulidwa, pansi pa mawu a ulimba (chida choimbira cha Asena cha timatabwa togogoda) pankamveka kulira kosalekeza, huuu. Magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo chaja ya laputopu ndi imene inkalowetsa kulirako m'waya wa maikolofoni.

Noise Reduction ya mu Audacity ndinaikana. Imachotsadi phokoso, koma imadyanso kunjenjemera kwa zipanda zomangidwa pansi pa ulimba, kotulukira pa kabowo komatidwa ndi kapepala kopyapyala. Kwa Msena, ulimba wopanda kunjenjemera kumeneko si ulimba ayi.

Ndiye ndinatsegula Plot Spectrum, imene imaonetsa pa chithunzi ma Hz amene phokoso lakula, n'kuona nsonga zitatu: pa 50, 100 ndi 150 Hz. Iliyonse ndinaidula payokha ndi Notch Filter, imene imadula mawu pa Hz imene wasankha, Q (nambala yochepetsa kukula kwa malo odulidwa) nditaikweza kuti idule pang'ono chabe, osapepula ng'oma. Kulira kunatheratu, zipanda zikunjenjemerabe bwinobwino.

Nyimbo zotsala tinajambula chaja titazula, laputopu ikuyendera batire, fani titazimitsa, thukuta lili kamukamu. Kusakaniza mawu ndinamalizira mu pulogalamu ina yotchedwa Ardour.