Oyilo wa injini: asinthidwe liti, nanga bwanji?

Galimoto ya petulo yothiridwa oyilo wamba (wa mineral) imafunika oyilo watsopano pa makilomita 5,000 aliwonse, kapena pakatha miyezi 6 ngakhale isanayende kwambiri. Wa synthetic, wopangidwa mwapadera kuti azikhalitsa, amafika 10,000, koma ngati mumayenda m'misewu yafumbi kapena timaulendo tam'tauni toti injini sitentha n'komwe, musafikeko. Hilux kapena minibasi ya dizilo yogwira ntchito tsiku lonse isapyole 5,000, chifukwa mwaye umalowa mu oyilo. Wa dizilo amada ngakhale ali watsopano, ndiye musaweruze ndi maso, werengani makilomita.

Vitz, Passo ndi Sienta zimayenda bwino ndi 5W-30 (manambalawa amasonyeza kulimba kwa oyilo), pomwe dizilo zakale zimafuna 15W-40. Uja wa 20W-50 amene ena amathira paliponse ndi wolimba kwambiri kwa tiinjini tating'ono. Oyilo woyezeredwa m'mabotolo m'mbali mwa msewu ndi wotchipa ndithu, koma wina amakhala wogwira kale ntchito wongosefedwa. Gulani chigubu chomata.

Lizani injini mphindi zisanu kuti oyilo afewe, muzime. Musalowe pansi podalira jeke yekha. Tcherani beseni, masulani bawuti ya sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini (pa Toyota zambiri ndi sipanala ya 14), mudikire mpaka asiye kudontha. Bawutiyo ibwerere ndi washa watsopano.

Pa fyuluta ndi pomwe anthu amaphera injini. Mukachotsa yakale, onani ngati kamphira kake kozungulira kachoka nayo limodzi. Nthawi zina kamatsalira pa injini, ndipo kakada ndi oyilo sikaoneka, choncho papasani ndi chala. Mukamangira fyuluta yatsopano pamwamba pake, timphira tiwiri sitigwirana. Poimika zimaoneka bwinobwino, koma mukangoponda moto pamsewu kena kamasuntha, oyilo yense n'kutayika m'mphindi zochepa, injini n'kugwira. Pukutani malowo, pakani kaoyilo pa kamphira katsopano, mumange ndi dzanja lokha. Kakakhudza chitsulo, onjezani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Sipanala ayi.

Vitz ya 1.0 imamwa malita pafupifupi 3, Hilux ya 2.5 pafupifupi 7. Thirani mocheperako, lizani, suzumirani pansi kuona ngati sakudontha, zimani, kenako yezani ndi dipusitiki, kachitsulo koyezera oyilo, n'kuwonjezera osapyola mzere wapamwamba. Lembani makilomita pa kapepala. Oyilo wakaleyo musamutayire mu ngalande.