Chidole chanu chizipuma

Anzanga amene mumachita zisudzo za zidole m'maholo aang'onoang'ono, m'kalasi kapena pansi pa mtengo, musanayambe kuvutika ndi mawu, yambani mwaphunzitsa chidole kupuma. Kwezani chifuwa chake pang'ono, kenako tsitsani mwakachetechete, ngati mwana amene ali m'tulo. Anthu akaona kupumako amaiwala kuti akuyang'ana nsalu ndi thonje. Chikamva uthenga wa maliro, chisiye kaye kupuma kwa kanthawi, mutu uzolike pang'onopang'ono. Ine ndinaonapo mayi wina pabenchi yakutsogolo akupukuta misozi ndi chitenje, chifukwa cha kachidole kosokedwa ndi sokosi yakutha.

Pomwe ambirife timalakwitsa ndi kuyang'ana oonerera. Maso anu akhale pachidole nthawi zonse. Mukangoponya diso kwa anthu, iwonso amayamba kuyang'ana inu, chidole chija n'kufera pomwepo. Ku Japan, pa zidole za bunraku, anthu atatu amayendetsa chidole chimodzi oonerera akuwaona: wina mutu ndi dzanja lamanja, wina dzanja lamanzere, wina miyendo. Nthawi zambiri amavala zakuda, ndipo oonerera sachedwa kuiwala kuti alipo.

Musamachigwedeze pa liwu lililonse ayi, zimatopetsa maso. Pamalo aang'ono chilichonse chimaoneka, ngakhale kunjenjemera kwa chala. Yesererani pagalasi kunyumba, ndipo nyali imodzi muiike cham'mbali kuti timaso ta mabatani tija tiziwala chikatembenuza mutu.