Momwe mungathyolere mawu aatali a Chingerezi kuti mupeze tanthauzo lake

Mawu monga decentralisation, antiretroviral ndi hyperglycaemia amaopsa chifukwa cha kutalika basi. Ambiri mwa iwo ndi tizidutswa tolumikizana, ndipo tizidutswa tomweto timapezekanso m'mawu ena ambirimbiri. Wolankhula Chichewa ntchito imeneyi amaidziwa kale. Mawu akuti sindidzakuthandizaninso tonse timawamva mosavuta chifukwa khutu limagawa lokha: si, ndi, dza, ku, tsinde thandiza, kenako ni ndi nso. Chingerezi nachonso chili ndi tsinde ndi aphatikiri, kungoti aphatikiri ake ambiri anabwerekedwa ku Chilatini ndi Chigiriki. Mukadziwa makumi awiri kapena atatu okha, mawu ambiri a m'nyuzipepala, a kuchipatala ndi a pamayeso a MSCE amatseguka.

Mukhale ndi kope, cholembera ndi dikishonale. Dikishonaleyo muziitsegula pomaliza.

Yambani kumapeto kwa mawu

Mapeto ndiwo amakuuzani mtundu wa mawu. Othera mu -tion, -sion, -ment, -ness ndi -ity ndi mayina. Othera mu -ise kapena -ify ndi aneni. Othera mu -able, -ous ndi -ive ndi afotokozi.

Lembani decentralisation ndipo muzidula chobwerera m'mbuyo. Mukachotsa -ation mupeza mneni decentralise. Mukachotsa -ise mutsala ndi de- ndi central, ndipo pansi pa central pali centre, ndiye kuti pakati. Tsopano bwererani kutsogolo: de- amatanthauza kuchotsa. Mawu onsewo akunena za kuchotsa mphamvu pakati, kulikulu, n'kuzipereka kumakhonsolo. Ndi ndondomeko ija boma la Malawi linakhazikitsa mu 1998, imene ambiri amaitchula kuti mphamvu ku anthu. Mukatero, privatisation, nationalisation ndi liberalisation sizikuvutaninso, chifukwa mamangidwe ake ndi amodzi: pezani private, nation ndi liberal, zinazo n'zongovekera.

Sanjani mawu m'mabanja

Osalemba mawu motsatira alifabeti. Tsamba lililonse la kope likhale la banja limodzi la mawu othera mofanana, ndipo pamwamba mulembe tanthauzo la mapetowo.

Banja la -cide ndi la kupha. Insecticide amapha tizilombo touluka ndi mbozi, herbicide amapha udzu, fungicide amapha tizirombo toyambitsa chiwawu ndi chuku, rodenticide amapha makoswe. Apa kulakwitsa kumawononga ndalama: mlimi amene wagula botolo lolembedwa fungicide kuti athire ntchemberezandonda m'chimanga wangotaya ndalama, mbozizo zipitiriza kudya. M'nkhani za kukhoti mupezamo homicide, kupha munthu, suicide, kudzipha, ndi genocide, kupulula mtundu wa anthu.

Kuchipatala mabanja ake ndi ochepa koma ofunika. Mapeto akuti -itis amanena za kutupa. Hepatitis ndi kutupa kwa chiwindi, arthritis ndi kutupa kwa mfundo za mafupa, meningitis ndi kutupa kwa timakungu tokuta ubongo, matenda aja oumitsa khosi. Ndiye pali atatu ofanana kwambiri amene amasokoneza ngakhale ophunzira unamwino. Mukaona -ectomy, chiwalo chikudulidwa n'kuchotsedwa: hysterectomy ndi kuchotsa chiberekero, mastectomy ndi kuchotsa bere. Mukaona -otomy, akungocheka kuti atsegule, monga laparotomy, opaleshoni yotsegula pamimba. Mukaona -ostomy, akuboola njira yatsopano, monga colostomy, pamene thumbo lalikulu amalitulutsira pamimba. Kusiyana kwake ndi zilembo ziwiri kapena chimodzi, choncho fomu yovomereza opaleshoni muziiwerenga pang'onopang'ono ndipo muzifunsa adokotala musanasaine.

Ena n'ngosavuta: -ology ndi maphunziro a chinthu, -cracy ndi ulamuliro, -phobia ndi mantha kapena chidani, monga xenophobia imene abale athu ku South Africa amaidziwa bwino.

Kenako pitani kumayambiriro

Aphatikiri a kumayambiriro ndiwo amatembenuza tanthauzo, ndipo oopsa kwambiri amabwera awiriawiri.

Hyper- ndi kuchuluka mopitirira, hypo- ndi kuchepa. Mu hyperglycaemia, glyc ndi shuga ndipo -aemia ndi magazi, ndiye kuti shuga wakwera m'magazi. Hypoglycaemia ndi shuga wotsika, ndipo wodwala wotere amafunika chotsekemera mwachangu. Hypertension ndi BP yokwera, hypotension ndi yotsika. Polankhula mawu awiriwa amamveka pafupifupi chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndi bwino kuona momwe alembedwera m'buku la kuchipatala.

Ante- ndi chinthu chisanachitike, anti- ndi kulimbana nacho. Antenatal ndi sikelo ya amayi oyembekezera, mwana asanabadwe. Antiretroviral ndi mankhwala olimbana ndi gulu la mavairasi lotchedwa retrovirus, mmene muli HIV. Inter- ndi pakati pa zinthu ziwiri kapena zingapo, intra- ndi mkati mwa chimodzi: international ndi za pakati pa mayiko, intravenous ndi mkati mwa mtsempha wa magazi, monga diripi.

Mphatikiri wokana in- amasintha chilembo potengera chotsatira chake. Pamaso pa l amakhala il-, monga illegal. Pamaso pa r amakhala ir-, monga irresponsible. Pamaso pa m ndi p amakhala im-, monga immature ndi impossible. Amene wamvetsa izi saiwalanso kulemba l kapena r kawiri.

Pamene njirayi imanamiza

Kufanana kwa zilembo sikutanthauza kuti matanthauzo nawonso ndi ofanana. Decide ndi coincide akuthera mu -cide koma palibe amene akuphedwa. Anticipate akuyamba ndi anti- koma ndi kuyembekezera chinthu chisanafike. Invaluable si chinthu chopanda ntchito, ndi chamtengo wapatali moti sungachiyikire mtengo, ndipo priceless ndi chimodzimodzi. Woopsa koposa ndi inflammable, amene mungamuone pa thanki ya petulo: in- wa pamenepa si wokana, mawuwo akuti chinthuchi chimayaka msanga, monga flammable. Chosayaka amati non-flammable. Nawonso -ly amapusitsa. Ambiri tinaphunzira kuti mawu othera mu -ly ndi aonjezi, koma friendly ndi lovely ndi afotokozi.

Choncho mukathyola mawu, lembani tanthauzo limene mwaganiza, libwezereni m'chiganizo chimene munawapezamo, muone ngati chikumveka. Pamenepo ndiye mutsegule dikishonale. Mawu amene akupusitsani muwalembe ndi inki yofiira kumunsi kwa tsamba la banja lawo.

Pa kalembedwe, kuno timatsatira Chingerezi cha ku Britain, chimene chimakonda -isation ndi -aemia, pomwe ku America amalemba -ization ndi -emia. Sankhani kumodzi m'nkhani yonse. Pa katchulidwe, mawu othera mu -tion mphamvu imagwa pa silabo yoyandikana ndi mapetowo, monga ca mu education.

Yeserani pa mawu aatali kwenikweni

Antidisestablishmentarianism ali ndi zilembo 28. Tsinde lake ndi establish, kukhazikitsa. Establishment pano ndi kukhazikitsidwa kwa Church of England, mpingo wa Anglican, ngati mpingo wa boma. Dis- ndi kuthetsa ubale umenewo, anti- ndi kutsutsa kuthetsako, -arian ndi munthu wa maganizo amenewo, -ism ndi maganizowo. Mkangano wake unali wa ku Britain m'zaka za m'ma 1800. Ku Ireland mpingo wa Anglican unasiya kukhala wa boma mu 1871, ku Wales mu 1920, koma ku England mpaka lero udakali wa boma.

Pneumonoultramicroscopicsilicovolcanoconiosis ali ndi zilembo 45 ndipo amapezeka m'madikishonale akuluakulu. Pneumono ndi mapapo, ultra ndi mopitirira, microscopic ndi tinthu tosaoneka ndi maso, silico ndi silika wa mumchenga ndi m'miyala, volcano ndi phiri lophulika, coni ndi fumbi, -osis ndi matenda. Mawuwa anapekedwa dala ku America mu 1935 ndi anthu okonda masewera a mawu, pofuna kuti akhale aatali kuposa onse, ndipo palibe dokotala amene amawalemba m'faelo ya wodwala. Kuchipatala amangoti silicosis, matenda a mapapo obwera ndi fumbi la miyala, amene anadwalitsa ambiri mwa anthu amene anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni.