Kulemba nkhani ya mayi wa pa Mponda wa m'ma 1890

Pa Boma la Mangochi, chipilala chachikulu chokumbukira mzimayi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, yemwe sanapondeko n'komwe m'mbali mwa Shire. Mayina ena onse a nthawi imeneyo ndi a amuna: mafumu a Chiyao Mponda, Makanjira ndi Jalasi, mtsogoleri wa atsamunda Harry Johnston amene anamanga linga la Fort Johnston mu 1891, Kapiteni Maguire amene anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira. Amayi amene ankasinjira asilikali, kutunga madzi a m'linga, kapena kumangidwa goli pa ulendo wa ku Kilwa, doko la akapolo kunyanja yamchere, m'mabuku amangotchulidwa ngati chiwerengero. Wolemba nkhani zopeka ntchito yake ili pamenepo.

Yambani ndi chochitika chimodzi chomwe chaka chake n'chodziwika, ndipo musachisunthe. Kugonja kwa Jalasi paphiri la Mangochi, kufupi ndi Namwera, mu 1895 n'chitsanzo chabwino. China ndi kufika kwa Ilala, sitima yoyamba ya amishoni, ku Cape Maclear mu 1875. Ndiyeno dzifunseni kuti m'mawa wa tsikulo mayi wina anali pati, atanyamula chiyani. Sankhani mayi mmodzi, masiku osaposa atatu, malo awiri kapena atatu basi. Nkhani ya mawu 2,000 siingasenze nkhondo zonse za kum'mwera kwa nyanja. Oyamba kumene amafuna kulowetsamo zonse zomwe awerenga, mapeto ake nkhani imasanduka notsi za kalasi ya mbiri.

Zolembedwa mungazipeze ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Ansembe a White Fathers anakhala pa Mponda kuyambira 1889 mpaka 1891 ndipo ankalemba za tsiku ndi tsiku. Powerenga zoterezi musathamangire masamba a nkhondo. Sakani mizere imene wolembayo anangoidutsa: kuti amayi anabwera kudzagulitsa ufa, kuti mkazi wina anathawira ku mishoni. Koperani mzerewo m'kope, pansi pake musiye theka la tsamba la mafunso. Anathawa ndani? Mwana anamusiya ndi yani? Kumbukiraninso kuti wolembayo anali mlendo, nthawi zambiri ankamva kudzera mwa womasulira, ndipo kuchinamwali sankafikako.

Kucheza ndi agogo ndiye kumafuna luso. Pitani kaye kwa a mfumu, musangotulukira pakhomo ndi foni m'manja. Chezani ndi amayi achikulire atatu kapena anayi, aliyense payekha, amuna kulibe. Pakakhala bambo, iye ndiye amayankha, ndipo mudzabwerako ndi mndandanda wa mafumu womwe uli kale m'mabuku. Musanene kuti "tiuzeni mbiri", chifukwa adzakutumizani kwa amuna omwewo. Funsani za ntchito ndi za mtundu: "Agogo, amayi awo a agogo anu anachokera kuti? Mchere ankautenga kuti? Posinja ankaimba nyimbo yanji?" Nyimbo za pamtondo zimasunga madandaulo amene sanalembedwe paliponse. Mphindi 40 n'zokwanira, kenako mudzabwerenso tsiku lina. Kujambula mawu mupemphe kaye. Ngati Chiyao simuchidziwa bwino, womasulira akhale wamkazi.

Pali chinthu chimodzi choti muchimvetse bwino, chifukwa ndicho chimapatsa nkhani zimenezi mkangano weniweni. Kwa Ayao ndi Anyanja mwana ndi wa kuchikazi. Mwamuna wa chikamwini ana ake si ake, ndi a mbumba ya alamu ake. Koma mkazi wogwidwa ukapolo analibe mlongo womuyankhulira, choncho ana ake ankakhala a mwamunayo ndipo ankakuza mudzi wake. N'chifukwa chake mafumu ankasunga akazi ambiri ogwidwa m'malo mowagulitsa onse kunyanja yamchere. Taganizani tsono akazi awiri pakhomo limodzi: wina mfulu, ali ndi malume ndi alongo omuteteza, wina wogulidwa ndi nsalu, onse akusinja mumtondo umodzi. Asilikali a Chisikhi ochokera ku India akafika n'kunena kuti akapolo amasuke, wachiwiriyo apita kuti? Kwawo kunawotchedwa kalekale, ana ake ali pano. Mukamupatsa chisankho chotere, simufunikanso kumupangira mfuti kapena mawu a pamsonkhano.

Pomwepa pali ngozi. Kunena kuti banja lakutilakuti linachokera kwa akapolo n'chipongwe chachikulu mpaka lero, ndipo kungakufikitseni pabwalo la mfumu. Sinthani dzina la munthu, la mudzi ndi la mfunda. Mafumu odziwika atchuleni pa zimene anachitadi zokha. Mawu opeka muwaike m'kamwa mwa anthu opeka.

Zolakwika zambiri zimabwera pa katundu. Mu 1891 mayi wa kumudzi sagula ndi ndalama, amasinthanitsa ndi nsalu ya merikani, mikanda, mchere kapena nkhuku. Alibe machesi, moto amakapala kwa mnzake. Sathira shuga, saphika m'poto wachitsulo koma mumphika wadothi, ndipo wosauka avala chiwondo. Mfuti ndi ya gogodela. Shire amawoloka pabwato, mlatho kulibe, ndipo tauniyi isatchedwe Mangochi, chifukwa nthawiyo dzinali linali la phiri la kwa Jalasi. Mukamaliza kulemba, dulani mzere pansi pa dzina la chinthu chilichonse n'kufunsa ngati chinalipo chaka chimenecho. Ku Lake Malawi Museum pa Boma pomwepo mungaone ndi maso zina mwa zipangizo zakale za m'mbali mwa nyanja.

Cholakwika china n'kugawa anthu mwaulesi: Ayao onse ankhanza, azungu onse opulumutsa, kapena kutembenuza zomwezo. Amene anathetsa malonda a akapolo ndi omwenso anawotcha midzi ndi kubweretsa msonkho wa nyumba. Mayi wanu sakudziwa kuti mbali ina idzapambana. Iye akuona utsi kutsidya ndipo akuganiza za nkhokwe yake ya mapira.

Pa zokambirana, lembani m'Chichewa koma musiye mawu ochepa a Chiyao pamene tanthauzo likuonekera lokha, monga moni kapena poitana mwana. Awiri kapena atatu pa tsamba akwana. Mkazi asatchule mwamuna wake dzina, ndipo pamaso pa mfumu ayankhule mozungulira, monga ankachitira. Mukatha, isiyeni sabata imodzi, kenako mukawawerengere mokweza agogo aja. Pamene adzadule mawu n'kunena kuti "ayi, sitinkatero", ikanipo chizindikiro ndipo ndime imeneyo mukailembenso.