Okosijeni wa m'mapaipi: ngozi zambiri zimayambira posintha masilinda

Inu amene mumayang'anira mapaipi a mpweya m'zipatala za kuno ku Zomba, yambirani m'manja mwanumo. Musanalowe m'chipinda cha masilinda, sambani ndi sopo n'kupukuta bwinobwino. Mafuta odzola, girizi kapena oyilo wotsalira pa sipanala zikakumana ndi okosijeni wopanikizika, moto umabuka popanda machesi. Vavu ikalimba musaithire oyilo ngakhale dontho. Silindayo ilembeni chizindikiro, ibwerere komwe inachokera.

Silinda yodzaza imakhala pa 137 bar (muyezo wa kupanikizika kwa mpweya) kapena kupitirira, pomwe paipi ya ku wodi imafuna 4 bar basi. Imene imatsitsa mphamvuyo ndi regulator, ndipo imawonongeka ndi phuma. Tsegulani vavu pang'onopang'ono, mutaima chambali, nkhope kutali ndi geji. Mukaitsegula kamodzin'kamodzi, mpweya umakankhana m'katimo n'kutentha mpaka kupsereza tiziwiya tofewa. Kawashala kapolumikizira kayang'aneni nthawi iliyonse. Kakang'aluka ikani kena kopangidwira okosijeni. Zodula ku chubu cha njinga zija tisazionenso ayi, zimayaka.

Masilinda amalumikizidwa ku paipi mbali ziwiri. A mbali imodzi sinthani onse pamodzi, mbali inayo ili yodzaza, yomangidwa ndi tcheni. Mukamaliza pakani madzi oyesera opanda mafuta polumikizira paliponse. Pamene patuluke thovu ndiye pakuthawa mpweya.

Kumene kuli makina a PSA, opanga okosijeni pomusefa kuchokera mu mpweya wamba, mdani ndi chinyezi, makamaka dzinja lathu lino la m'tsinde mwa phiri, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Madzi akadutsa chowumitsira mpweya n'kulowa mu zeolite (timiyala tosefa mpweya m'makinamo), okosijeni amatsika, ndipo zeolite yonyowayo sichira. Khutulani madzi a m'thanki ya kompuresa tsiku lililonse. Lembaninso m'kaundula zomwe choyezera okosijeni chikuonetsa: zikhale pakati pa 90 ndi 96 peresenti.

Ku wodi, flowmeter (kachipangizo kopimira mpweya wopita kwa wodwala) yosiyidwa yotsegula pa bedi lopanda wodwala imataya mpweya usiku wonse, n'kumaulowetsanso m'mabulangete omwe amayaka msanga. Alamu ikalira, kuithimitsa si kukonza. Pitani mukaone geji.

Koma chimene timachiopa kwambiri ndi kutseka vavu ya wodi mosauza munthu. Musanaigwire, namwino wamkulu asaine chilolezo, ndipo wodwala aliyense amene ali pa mpweya, kuyambira makanda a ku nazale, akhale atalumikizidwa kale ku silinda kapena concentrator (makina aang'ono opangira okosijeni). Ntchito ikatha, yezani potulukira paliponse ndi choyezera kuti mutsimikize kuti mpweya ukutulukawo ndi okosijenidi, kenako mubwezeretse odwala.