Bowo la mabisiketi okoloweka pamtengo wa Khirisimasi likamatsekeka

Mabisiketi a jinja ankatuluka mu uvuni bowo la ulusi litatsekeka. Chimachititsa ndi batala wofewa, yemwe amasungunuka msanga mtanda n'kuphwasuka, komanso baking powder wochuluka. Baking powder ndinamuchepetsa kufika theka la sipuni yaing'ono pa fulawa wa magalamu 300, ndipo nditadula mabisiketiwo ndinawaika m'firiji mphindi 30.

Boolani ndi sitiro yomwera, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete. Kamtengo kotokosera m'mano ayi, kabowo kake kamachepa. Phikani pa madigiri 180 kwa mphindi 12, ndipo mukangotulutsa boolaninso akadali otentha, chifukwa akazizira amasweka.

Chinyezi cha mvula ya mu Disembala chimawafewetsa mpaka kuthothoka pa ulusi, choncho asungeni m'chitini chotseka bwino, mudzawakoloweke tsiku la Khirisimasi lomwelo.